Mapazi a Madamu Rawya

Mzinda wonse wa Cairo unkamudziwa Madamu Rawya Kenawy kuyambira m'chiuno kukwera kumutu. Masana alionse, anthu akakhuta n'kuyamba kufuna wina wowabwebwetera, ankamupeza pa kanema atakhala pakhonde lake labodza, la maluwa apulasitiki ndi mtsinje wojambula pachinsalu, akuthirira mlendo khofi kwinaku akumufunsa mafunso oti ngakhale wapolisi sangalimbe nawo mtima. Khosi lalitali ngati la kakowa, msana uli njo. Azimayi ankati ameneyu ndi wa m'banja la mabwana akale. Azibambo sankanenapo kanthu, poti azimayiwo amakhala ali pomwepo.

Koma kuchokera m'maondo kutsika ankamudziwa ndi mwana wake Yomna, komanso bambo Girgis, mkulu wa imvi wogwira kamera. Tsiku lomwe Rawya anayamba ntchito anawakokera pambali nati, "Bambo Girgis, dziko lino malire ake ndi maondo angawa. Mukatsika pamenepa mwalowa kwa eni mulibe pasipoti." Mkuluyo anamva. Zaka zinapita, mabwana anasintha, mipando inasintha, koma kamera ya bambo Girgis ikafika pamaondo inkaima yokha ngati bulu wodziwa khomo la kwawo.

Chomwe ankabisa kumeneko chinali malipiro a gule. Rawya analowa sukulu ya baleti mano a ubwana asanathe kuguluka. Baleti ndi gule uja amavina ataimira nsonga za zala zakumapazi. Anamuphunzitsa ndi mayi wina wa ku Russia, Madamu Zoya, yemwe Chiarabu chake chonse chinali mawu oti "bwereza" ndi ndodo yansungwi. Anakula, anavina, anauluka m'manja mwa amuna ovala zothina, anamuombera m'manja. Kungoti baleti mu Cairo amaonera anthu omwewomwewo, oti sangadzaze ngakhale ukwati wa kumudzi, ndipo ena mwa iwo amabwera kudzaodzera pamalo ozizira bwino. Tsiku lina ali pabwalo, mtsempha wa kuseri kwa chidendene unangoti phwa! Anamaliza guleyo akumwetulira, poti lamulo la Madamu Zoya linali lakuti nyimbo isanathe wovina safa. Atachira anapeza kuti kuvina kwatha, koma kumwetulira uku mkati mukupsa ndi luso lomwe a kanema amalifuna kwambiri. Ndi mmene anakhalira Madamu Rawya wa pakhonde.

Gule anapita, mapazi anatsala. Zala zinakwerana ngati anthu m'basi ya m'mawa. Zikhadabo zina zinada, zina zinasamukiratu. Pambali pa chala chachikulu panatuluka fupa ngati anyezi. Chokongola chomwe chinatsala chinali tinsapato take toyamba, tofiirira, tomwe anatikulunga m'kansalu pansi pa kabati. Yomna anakana gule ali wamng'ono, ndiye tinsapatoto tinkadikira mdzukulu.

Zonsezi zikanangokhala zake zokha Yomnayo akanapanda kukonda Moataz, mnyamata wofatsa wochokera kumtunda, kufupi ndi Qena. Bambo ake, a Haji Abdel-Rady, anali mwini minda ya nzimbe, munthu wa nduwira yoyera ndi ndodo yomwe sankaifuna poyenda koma polankhula. Kwawoko ukafuna kuti munthu akutulutsire mfuti, umutchule kuti mwana wa wovina. Ndipo sasiyanitsa. Wovina ndi wovina basi, kaya wa m'mabala wogwedeza chiuno, kaya wa Madamu Zoya.

"Amayi, chonde," Yomna anali atapempha kale. "Moataz akudziwa, alibe nazo vuto. Koma bambo ake akangomva, zathera pomwepo. Inu ndinu a pa TV basi. Munabadwira pa TV."

"Eya, ndinabadwa nditanyamula kapu ya khofi," anatero Rawya. "Ndamva, mwanawe. Pakamwa panga pali loko."

Pakamwa anatsekadi. Anaiwala kuti mapazi alibe loko.

Lachinayi alendo anafika kudzafunsira. Poti bambo ake a Yomna anamwalira kale, pampando waukulu panakhala amalume ake, a Shawky, munthu yemwe akaona mkangano amakumbukira kuti galimoto sanaikhome. Khofi anabwera. A Haji anamulandira n'kumuika patebulo osamwa, monga mwa mwambo wa kwawo: wodzafunsira samwa kanthu mpaka atapempha n'kuvomeredwa. Akazi awo, a Haja Sekina, mayi wamfupi wa maso a mphamba, anali atayeza kale tsitsi la Yomna pomukumbatira, mano ake pomuseketsa, ndi manja ake polandira kapu. Zonse zinakhoza. A Haji anakonza kukhosi kuti ayambe mawu aja, ndiye pomwepo mumzikiti wapafupi munamveka kuitana kwa swala ya masana.

"Choyamba Mulungu," anatero a Haji, n'kudzuka.

Amuna anatsalira pabalaza. A Haja anagwira Rawya dzanja. "Tiyeni, mayi a Yomna, tikasambe tiswalire limodzi."

Rawya anaganiza zonamizira chija azimayi amanamizira akafuna kupuma kuswali, koma pamsinkhu wakewo a Haja akanangoseka. Analowa m'bafa. Anasamba manja, nkhope, mikono, pang'onopang'ono ngati wolipidwa pa ola. A Haja anamaliza kale, koma osatuluka. Anaima pakhomo atanyamula thaulo, akudikira mwaulemu. Rawya anavula masokosi.

A Haja anayang'ana pansi.

"Mayi, n'chiyani chimenechi?"

"Nsapato, Haja. Pautsikana tinkakonda zothina."

"Nsapato nanenso ndinavalapo." A Haja anawerama. "Izi si za nsapato. Munabadwa nazo?"

"Ayi."

"Mayi anu mapazi awo anali otani?"

"Abwinobwino."

"Nanga agogo anu?"

"Sindinawaone, Haja. Ankavala masokosi nawonso."

A Haja sanaseke. Anaswali, anabwerera pabalaza, anakhala pansi n'kukoka mpango wawo kamodzi, natsokomola pang'ono. Anthu okhalitsa m'banja safuna foni. A Haji, omwe anali atatsegula kale pakamwa kuti apemphe, anatulutsa nkhani ya nzimbe: mbozi za chaka chino, kuchedwa kwa madzi m'ngalande, ulesi wa anyamata amakono. Atamaliza nzimbe zonse za ku Qena anatsanzika. Khofi anatsala patebulo, atazizira, osakhudzidwa.

Madzulo ake Moataz anaimba foni, Yomna n'kubwera nayo nkhani maso ali psuu. A Haja akuti m'banjamo muli matenda a m'magazi. Kumudzi kwawo kuli banja lina lomwe ana ake amabadwa mapazi opindika, ndipo iwo salola zidzukulu zokwawa. Mmawa mwake Yomna anapita kuhotela komwe anafikira, anavula nsapato n'kuwaonetsa zala zake zowongoka ngati makandulo. A Haja anaziyang'ana, anazisisita, nati, "Zokongola, mwanangu. Koma zimenezi zimadumpha mbadwo. Iwe zakulumpha, zikudikira ana ako." Ndipo kumudzi kunali Nagat, mwana wa mchemwali wawo, yemwe mapazi a mtundu wake wonse a Haja ankawadziwa chala ndi chala. Sitima yobwerera inali ya Loweruka madzulo.

Khoswe anali atakhala pamkhate. Akakhala chete, mapaziwo ndi matenda, a Haja akana. Akalankhula, mapaziwo ndi gule, a Haji akana.

Chinthu chimodzi chokha a Haja sakanachisiya. Rawya anali atawaitana kale kuti Loweruka adzaonere pulogalamu ikuulutsidwa, ndipo iwo anali atauza mudzi wonse kuti utsegule TV. Ukwati utha kufa, koma kuoneka pa kanema sikungafe nawo.

Loweruka masana Rawya anali m'chipinda chodzolera, akuyang'ana nkhope yake pagalasi, pomwe Medhat analowa osagogoda. Medhat ndiye mkonzi wa pulogalamuyo, munthu wa mimba yotsogola, wosuta ngati uvuni wa njerwa. Kalekale anafukula m'nyumba yosungiramo zakale tepi ina yaikulu, yoti imalira m'makina a pasiteshoni pokha. Inali ya sukulu ya baleti. Poyamba imaonetsa Madamu Zoya akuyeza mapazi a tiatsikana tongofika kumene, Rawya ali pakati pawo, kenako Rawya wamkulu akuvina. Chiipezereni tepiyo, Medhat ankapempha kuti aiulutse ngati mphaka pamsika wa nsomba.

"Madamu, alendo anu afika, ndawaika mzere woyamba. Mkulu uja ndodo wakana kusiya pachipata." Anayatsa fodya pansi penipeni pa chikwangwani choletsa. "Lero tili ndi bambo Hefny woweta nkhunda. Nkhunda, Madamu! Anthu agona ngati taapatsa mankhwala. Pomwe ine ndili ndi tepi yoti mzinda wonse utha kuima."

"Ili pafupi?"

Medhat anatsamwa ndi utsi. "Mwati bwanji?"

"Tepi yakoyo. Itha kuonetsedwa m'chipinda muno, kwa anthu awiri okha?"

"Makina ake ndi aakulu ngati firiji, Madamu, ndipo ali m'mwambamu. Ikalira, ilira ku dziko lonse. Komanso ndisakunamizeni, ngakhale zikanatheka ndikanakana. Ine ndine wosauka, osati chitsiru."

"Iike m'makina. Usaiyatse ndisanakuuze."

Medhat anatuluka chothamanga, kuopa kuti angasinthe maganizo. Pakhomo anagundana ndi Yomna, yemwe anali atamva zonse.

"Amayi, mukufuna kundipha?"

"Tseka chitseko."

"Munalonjeza! Moataz akuti tiwasiye apite, awanyengerera pang'onopang'ono."

"Moataz wako uja anaponyapo liwu limodzi Lachinayi? Anakhala ngati mphika wa maluwa. Akakwera sitimayo, mwezi uno usanathe Nagat wavala mphete."

"Ndiye auzeni a Haja paokha!"

"Ndinawauza kale za nsapato. Ndikabwera ndi nkhani yachiwiri adzati bodza lina. Mayi uja sakhulupirira pakamwa, amakhulupirira maso."

"Nanga bambo ake? Mudzi wonse ukuonera, amayi. Mudzi wonse! Mukufuna kungovinanso kamodzi basi, ndikudziwa. Zaka zonsezi mwakhala mukufuna."

Mawuwo anamulasa Rawya chifukwa sanali abodza onse. Anatenga ufa n'kudzipaka pamphuno. "Pita ukakhale pansi. Nkhope yako yatupa, ukasambe kaye."

Nyali yofiira ya pamwamba pa chitseko inayaka, nyimbo inalira, anthu anaomba m'manja. Rawya anamwetulira. Mzere woyamba, pambali penipeni pa kamera ya bambo Girgis, panali a Haji, ndodo pakati pa miyendo. Pafupi nawo a Haja akuweyulira dzanja kamera yolakwika, kenako Moataz, kenako a Shawky. Yomna anaima kukhoma, pamdima.

Bambo Hefny anali munthu wokonda nkhunda kuposa anthu. Anafotokoza chakudya chake, matenda ake, nsanje zake. Rawya ankagwedeza mutu, kufunsa, kuseka pomwe pakufunika, koma m'nsapato zala zinali zikupindika zokha. M'kachingwe ka kukhutu Medhat ankanong'ona ngati satana. "Pano, Madamu? Pano? Nthawi ikutha. Munthuyu wayamba za mazira." Rawya anaona a Haji akutulutsa wotchi m'thumba. Sitima. Anathira khofi.

Anaika kapu pansi.

"Bambo Hefny, nkhunda zanu zindikhululukire pang'ono." Anayang'ana kamera. "Abale anga, munthu wina amene ndimamulemekeza anaona mapazi anga sabata ino, nandifunsa ngati ndinabadwa nawo. Ndinamunamiza. Lero ndimuyankha. Medhat, yatsa."

Pamakanema opachikika m'situdiyomo panaoneka zithunzi zakale, zotuwa. Tiatsikana pamzere, topanda nsapato. Mzungu wa nkhope yowawa akugwira phazi la kamtsikana ka khosi lalitali, akulitembenuza ngati akugula nkhuku. Tizala towongoka, tosalala, tonse tilipo. Kamtsikanako kanaseka, mano akutsogolo palibe, ndipo aliyense anazindikira kumwetulirako. A Haja anasiya kuweyula dzanja. Anasendera kutsogolo.

Kenako chithunzi chinasintha. Nyimbo ya zeze wachizungu. Mtsikana wamkulu, siketi yoyera yongozungulira chiuno ngati mbale, miyendo yonse pamtetete, akuzungulira pachala chimodzi. Mwamuna anatulukira, anamugwira m'chiuno n'kumukweza m'mwamba. M'situdiyomo wina anati "Allah!" mosirira, wina anati "Allah!" mwina. Rawya sanayang'ane a Haji. Anayang'ana mtsikana uja, ndipo kwa kanthawi anaiwala chomwe anayatsira tepiyo.

Itatha anavula nsapato ndi masokosi. "Tizala munaona tija ndi tomwe Mulungu anandipatsa. Izi ndi zomwe ndinadzipatsa ndekha. Bambo Girgis, tsitsani kamera."

Kamera sinasunthe.

"Bambo Girgis, tsitsani."

Mkuluyo anasuzumira kumbali kwa kamera, nkhope ili kakasi, ngati munthu amene wauzidwa kuti alavulire m'tchalitchi. Anatsitsa pang'ono, anafika pamaondo, anaima. Medhat ankakuwa m'makutu mwa onse awiri. "Tsitsani, madala! Pasipoti yapezeka! Tsitsani!" Koma manja omwe aphunzira chinthu chimodzi kwa zaka zambiri samva za tsiku limodzi. Dziko lonse linali kuonera maondo a Rawya, ndipo popanda mapaziwo tepi ija inali manyazi chabe, opanda phindu. A Haji anali atagwira kale ndodo ndi manja awiri.

Rawya sanaganize. Ngati kamera siibwera kuphazi, phazi lipite kukamera. Anaimirira, anagwira mpando, ndipo mwendo unakwera wokha monga unaphunzirira, mosavuta, mwaulemerero, mpaka kufika paphewa, wowongoka ngati mtanda wa denga. Zala zokwerana zija zinadzaza makanema onse.

Anamva anthu akukoka mpweya. Poyamba anayesa kuti ndi zalazo. Kenako anayang'ana kupitirira phazi lake, n'kuona chomwe linaloza. Kunsi kwa phazi kunali kutayang'ana nkhope ya a Haji Abdel-Rady, pafupi kwambiri moti akanatha kuwerenga zikang'a. Ndipo kamera yachiwiri, yomwe Medhat anaitembenuzira kwa oonera, inatenga zonse ziwiri m'chithunzi chimodzi: phazi ndi nduwira. Kwa Madamu Zoya kukweza mwendo chotero kunali kukhoza. Kuno, kuonetsa munthu wamkulu kunsi kwa phazi ndi kumuuza kuti iye ndi dothi.

A Shawky anakumbukira galimoto, koma analibe kothawira, anangowerama n'kuyamba kumanga nsapato yopanda zingwe.

A Haji anaimirira pang'onopang'ono. "Mayi a Moataz, tiyeni." Ndodo inagunda pansi, gu, gu, mpaka kuchitseko. Chitseko chinali chotseka.

"Tsegula."

"Nyali ikakhala yofiira, Haji, ngakhale nduna imadikira," anatero mlonda.

"Malonda?" anafunsa Medhat m'khutu mwa Rawya, ndipo tsopano mawu ake analibe nthabwala. "Madamu, ndiike malonda a sopo?"

Rawya anapukusa mutu. Anadziwa kuti pa nthawi imeneyo ku Qena amuna adzaza m'malo omwera tiyi, makosi ali m'mwamba. Chipongwe chomwe mudzi waona sichitsukidwa kuseri kwa chitseko. Anatsika pakhonde lake labodza, opanda nsapato, napondaponda mawaya ozizira, akutsimphina pang'ono monga amatsimphinira kunyumba kokha. Kamera yachiwiri inamutsatira. Ankamva maso a Yomna pamsana.

Atafika pamaso pa a Haji anachita kugwada kumodzi kokha komwe ankakudziwa, kuja ovina amagwadira mphunzitsi gule akatha. Mwendo umodzi kumbuyo, bondo mpaka pansi, dzanja pamtima, khosi lalitali lija litawerama. Mtsempha wakale unakuwa. Nkhope sinadziwe.

"Haji, mwendo uwu unaphunzira kwa mzungu, ulemu suudziwa. Koma mutuwu ndi wa konkuno. Ndalakwa. Ndiloleni ndipsompsone mutu wanu."

A Haji anayang'ana mayi wogwadayo, anayang'ana diso la kamera, ndipo munthu ankatha kuona nzimbe zikuyezedwa m'mutu mwawo. Akakana mayi wogwada, pamaso pa dziko, achepa. Akavomera, avomera wovina. Moataz anafika kumbuyo kwawo, natsegula pakamwa pamaso pa bambo ake kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo.

"Bambo..."

"Iwe khala chete." A Haji anapumira m'mwamba. "Dzukani, mayi. Munthu amagwadira Mulungu yekha."

"Ndikanadzuka, Haji. Bondo lakana."

Wina anaseka kumbuyo, kuseka kwa mantha. A Haja ndi omwe anawerama kuti amudzutse, koma asanamudzutse anagwira phazi lija, nalifinya chala ndi chala ngati tomato wa pamsika. "Si magazi," anatero mokweza, ngati akuuza mudzi wonse. "Ndi uchitsiru chabe. Uchitsiru suyenda m'magazi, bwenzi Moataz atatengera amalume ake." Anamukoka mkono. Rawya anaimirira, anafikira nduwira yoyera ija n'kuipsompsona. A Haji sanasunthe, koma sanabwererenso m'mbuyo.

Nyali inazima. Pamakanema panaoneka mayi akuchapa malaya mokondwa.

Mlonda anatsegula chitseko. A Haji anachiyang'ana, osatuluka. Rawya anakodola mtsikana wina kuti abweretse khofi wa pakhonde, anamulandira n'kumupereka ndi manja awiri. A Haji anatenga kapu, koma sanaifikitse kukamwa.

"Malume a mwana ali kuti?"

A Shawky anabwera, nsapato itamangika.

"Tabwera kudzapempha mwana wanu Yomna, akhale wa mwana wathu Moataz."

"Tavomera! Tavomera, Haji, mutengeni pompano!"

"Sindinamalize." Anatembenukira kwa Rawya. "Mwanditukwana, mwapepesa, zatha. Za gule wanu anthu alankhula mpaka nzimbe zidzadulidwe, kenako adzatopa. Ndizisenza. Koma mverani, mayi a Yomna. Mulungu akatipatsa zidzukulu zazikazi, sizidzaponda kusukulu imeneyo. Simudzaziphunzitsa ngakhale kuima ndi mwendo umodzi. Lumbirani pano. Mukalumbira, ndimwa. Mukakana, sitima ikundidikira."

"Madamu, sopo watha," anatero Medhat m'khutu. "Ndaika wa mafuta ophikira, koma ndi wamfupi."

Rawya anaona m'maganizo tinsapato tofiirira tija, pansi pa kabati, m'kansalu kake. Anali atatisunga posamuka ponse, pamaliro a mwamuna wake, pazaka zonse za khofi ndi nkhunda. Anayang'ana kukhoma. Yomna anali ataima pomwe paja, manja onse awiri pakamwa, osapempha, osagwedeza mutu, kungoyang'ana.

"Ndalumbira, Haji. Mulungu ndi mboni."

A Haji anamwa kapu yonse kamodzi, nakwinya nkhope. "Khofi wa pa TV ndi wozizira chonchi?"

"Masiku onse, Haji. Amangooneka wotentha."

A Haja anaimba nthungululu yomwe inaopsa bambo Hefny pampando. Yomna anathamanga, anadutsa Moataz, nagwera pachifuwa cha mayi ake. Rawya anamusisita tsitsi kamodzi n'kumukankha pang'ono. "Usandiwonongere ufa, ndikubwerera pantchito."

Akutembenuka, a Haja anamugwira malaya n'kumukokera pansi kuti amunong'oneze. "Asewere, tandiuzani. Zinkapweteka?"

"Tsiku lililonse."

"Ndiye munkaviniranji?"

Rawya anatsegula pakamwa. Mayi yemwe anasowetsapo mawu nduna ndi akatswiri anangoima, maso ali pakanema pomwe panali mtsikana wa siketi yoyera uja, pomwe tsopano panali botolo la mafuta.

"Madamu, pampando! Pampando!" anakuwa Medhat m'khutu.

Anathamanga motsimphina, anakhala pansi, anawongola msana. Nsapato zinali pambali pa mpando, koma nthawi yozivala panalibe. Nyali yofiira inayaka, kumwetulira kunabwera kokha.

"Tabweranso, abale anga. Bambo Hefny, tinali pamazira."

Kamera ya bambo Girgis inatsika bwinobwino kuchokera kumutu, inafika pamaondo, n'kuima.